NDENDE ZA KU JONI, KALE NDI LERO

Abale anga a ku migodi ndi a m'mapulazi, palibe komboni imene siidziwa mbiri ya munthu amene anaturuka m'mawa kunka ku nchito, ndipo usiku wace anagona m'manja mwa apolisi. Anzace amsungira bulangeti ndi sutukesi pansi pa kama. Mwezi upita, caka cipita, makalata aleka kufika, ndipo kumudzi ayamba kumuwerengera pamodzi ndi machona. Ambiri a ife tiopa ndende monga tiopera manda, ndipo cifukwa ca mantha amenewo sitifunsa za mayendedwe ace kufikira tsoka litatigwera. Koma akuru anati, safunsa anadya phula. Cifukwa cace tiyeni tione bwino za ndende za dziko la South Africa, kumene anthu a kwathu akhala akunka ku nchito zaka zoposa 100: umo zinayambira, umo oweruza apimira cilango masiku ano, ndi zimene zimgwera munthu kuyambira tsiku la kugwidwa kufikira tsiku la kuturuka. Mudzaona kuti malamulo asintha kwakukuru. Koma mudzaonanso kuti lamulo labwino limthandiza pang'ono munthu amene salidziwa, ndi amene abale ace amtaya.

Pamene ndende inali nkhokwe ya anchito

Makolo athu m'midzi analibe nyumba ya ndende. Munthu akalakwira mnzace, mlandu unkapita ku bwalo la mfumu, ndipo wolakwayo pamodzi ndi abale ace ankalipa nkhuku, mbuzi kapena makasu; atalipa, onse ankabwerera ku minda yao. Ndende inadza ndi maboma a Azungu, ndipo ku South Africa inakula pamodzi ndi njala ya anthu a nchito. Ku Cape, kuyambira m'zaka za 1840, akaidi ndiwo analambula miseu ya m'mapiri, ndipo kuyambira 1860 anasenza miyala ya khoma locinga mafunde pa dooko la Cape Town. Ku Kimberley, m'caka ca 1884, kampani ya De Beers inayamba kusunga akaidi a Boma pa mgodi wa dayamondi ndi kuwagwiritsa nchito, ndipo inatero kufikira 1932. Makomboni otsekedwa, amene anayambika komweko m'caka ca 1885, anatengera mamangidwe a ndende: mpanda wautali, cipata cimodzi, ndi kumpapasa munthu thupi lonse asanaturuke. Cotero komboni ndi ndende ziri ngati ana a mimba imodzi.

Tsono ndende yofuna anchito ifuna akaidi ambiri, ndipo cimene cinaidzaza ndico citupa. Kuyambira 1916 kufikira 1984, kumangidwa kwa anthu akuda pa mirandu ya pasi kunapitirira 17 miliyoni. Anthu awa sanabe kanthu, sanaphe munthu. Mlandu wao unali kupezeka m'tauni popanda pepala loyenera. Ambiri a zilango zazifupi anabwerekedwa kwa eni mapulazi pa mapeni 6 pa tsiku, ndipo pambuyo pace mapeni 9. M'zigawo zina alimi anasonkha ndalama namanga ndende pafupi ndi minda yao, kuti Boma lizidzaze ndi anthu.

Anthu a ku Nyasaland anagwa m'mbuna iyi kawirikawiri. M'caka ca 1913 Boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu a ku maiko otentha a kumpoto, pakuti ambiri anali kufa ndi cibayo. Ciletsoco cinacotsedwa m'zaka za 1930, Wenela nayambanso kulemba. Koma oyenda ulendo wa selufu, amene anaoloka Zambezi ndi Limpopo wapansi, anafika ali anthu oletsedwa, opanda podandaulira, ndipo ambiri anatsirizira ku minda ya mbatata ya kacewere ya ku Bethal. M'caka ca 1947 mbusa Michael Scott, wolemba nkhani Ruth First, ndi Gert Sibande, mtsogoleri wa anchito a m'mapulazi, anaulula za kumeneko: anthu obvala ziguduli, otsekeredwa usiku, okumba pansi pa cikoti ca kapitao. M'caka ca 1952 Henry Nxumalo wa magazini ya Drum anakalembetsa nchito ku Bethal monga wanchito wamba, nabwera nazo nkhani zomwezo. M'caka ca 1954 anadzimangitsa dala pa mlandu wa pasi, nakhala masiku asanu m'ndende ya Number Four ku Johannesburg, naulula umo akaidi anabvulidwira zobvala zonse pabwalo ndi kubvinitsidwa pamaso pa anzao. M'caka ca 1959 anthu ambiri anakana kugula mbatata ya kacewere miyezi ingapo cifukwa ca nkhanza za m'mindamo. Ndipo m'caka comweco Boma linaika lamulo latsopano la ndende, limene linacititsa kuti kulemba m'nyuzipepala za m'ndende kukhale cinthu coopsa.

Cinkana m'masiku amdima amenewo, analipo ena okhulupirira kuti wolakwa angathe kuongoka. Alan Paton, ataikidwa m'caka ca 1935 kukhala mkuru wa Diepkloof, kumene ankasunga anyamata olakwa, anatsegula zitseko za nyumba zogona, nalola okhulupirika kukagwira nchito kunja ndi kukaona makolo ao. Ndipo ocuruka ndithu anabwerera okha. Bungwe la Lansdown, limene linafufuza za ndende, linanena m'caka ca 1947 kuti akaidi aphunzitsidwe, ndi kuti kudzaza ndende ndi anthu a mirandu yaing'ono kulibe phindu. Koma Boma limene linalowa m'caka ca 1948 silinasamale mau amenewa.

Kusintha kwa malamulo

Malamulo a pasi anathetsedwa m'caka ca 1986. Ndende ya Number Four inatsekedwa mu 1983, ndipo pa phiri lomwelo pakhala tsopano, kuyambira 2004, bwalo lalikuru koposa onse m'dzikomo, dzina lace Constitutional Court. Zina mwa njerwa zace anazigumula pa zipinda m'mene munkagona akaidi odikira mirandu. M'caka ca 1995 bwalo limeneli, pa mlandu wa Makwanyane, linathetsa cilango ca kunyonga, ndipo m'mwezi womwewo linaletsa kukwapula ana. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inacotsa cikoti m'mabwalo onse. Lamulo la ndende la 1998 linena kuti nchito ya ndende iri patatu: kukwaniritsa cilango cimene bwalo lapereka, kusunga akaidi bwino ndi mwa ulemu woyenera munthu, ndi kuwakonza kuti akakhale anthu odalirika pakati pa anzao. Ndico cifukwa cace nthambi ya Boma yoyang'anira ndende dzina lace ndi Correctional Services, ndiko kunena nchito ya kuongola. Tanthauzo lace ndi ili: munthu atumizidwa kundende kuti kutsekeredwako kukhale cilango cace, si kuti akalandire zilango zina za njala, ndodo ndi matenda ai. Tsono titsate njira ya munthu womangidwa masiku ano.

Maora oyamba

Malamulo Akuru a dziko, amene anakhazikika m'caka ca 1996, apereka ufulu kwa munthu ali yense womangidwa. Sanena nzika zokha, koma ali yense, ndi mlendo yemwe. Coyamba, muli ndi ufulu wa kukhala cete. Wapolisi akafunsa dzina lanu ndi kumene mukhala, mumuuze zoona. Koma za mlanduwo simukakamizidwa kuyankha, kapena kudinda cala pa mau obvomera kulakwa. Pepala limene simunalimve bwino musalisaine. Caciwiri, apolisi ayenera kukufikitsani ku bwalo asanathe maora 48, ndipo maorawo akathera pa Sabata kapena pa tsiku la chuthi, mufike tsiku loyamba limene bwalo likhala. Cacitatu, mlandu uzengedwe m'cinenero cimene mucimva, kapena pakhale womasulira. Musacite manyazi kupempha womasulira Cinyanja. Cifanakalo ca pansi pa mgodi cikwanira kuitanitsa fosholo, koma sicikwanira kufotokoza mlandu. Cacinai, wosauka angapemphe loya wa bungwe la Legal Aid South Africa, amene alipidwa ndi Boma. Ndiponso mlendo angapemphe kuti a ofesi ya kazembe wa dziko lace auzidwe za kumangidwa kwace, monga mwa pangano la maiko la ku Vienna la 1963.

Cenjerani ndi faindi ya kupolisi. Pa mirandu yaing'ono munthu aloledwa kulipa ndalama ndi kupita, osaonekera ku bwalo. Koma pepala lolipiralo ndilo lobvomera kulakwa, ndipo kawirikawiri dzina la wolipa lilowa m'buku la olakwa monga ngati woweruza wampeza ndi mlandu. Ambiri alipa poopa kutaya tsiku la nchito, nadzazindikira patapita zaka, pamene ali kufuna nchito ina.

Belo si cilango. Ndi cikole cakuti mudzabwera ku bwalo pa tsiku loikika, ndipo mukafika masiku onse ndalamayo ibwezedwa pakutha pa mlandu, cinkana mutapezeka wolakwa. Woweruza afuna kudziwa ngati munthuyo angathawe, ngati angaopseze mboni, ndi ngati ali ndi pokhala podziwika. Apa mpamene mlendo abvutika, ndipo apa mpamene abale afunika: mbale mmodzi woima m'bwalo ndi kucitira umboni kuti munthu uyu akhala m'nyumba yakuti, nagwira nchito kwa wakuti, athandiza koposa anthu khumi olira kunja. Wokanizidwa belo, kapena wosowa ndalama yolipira, akhala pa limandi, ndiko kudikira mlandu ali m'ndende. Pafupifupi mmodzi mwa akaidi atatu ali onse m'dzikomo ndi wa limandi, munthu amene bwalo silinampeze wolakwa. Lamulo linena kuti wa limandi asapitirire zaka 2 bwalo lisanauzidwe za iye. Ndiponso mkuru wa ndende angathe kupempha bwalo kuti limasule, kapena licepetsere belo, anthu a mirandu yaing'ono amene alephera kulipa.

Umo woweruza apimira cilango

Mabwalo oyamba kuzenga mirandu ali a misinkhu itatu. Bwalo laling'ono la majistireti lipereka zaka zosaposa 3. Bwalo la majistireti la cigawo lipereka kufikira zaka 15, ndipo pa mirandu ina yoopsa lingapereke ndende ya moyo wonse. Pamwamba pa awa pali Bwalo Lalikuru la majaji, limene liweruza mirandu yoopsa koposa ndi kumva apilo.

Munthu akapezeka wolakwa, mlandu sunathe. Patsala kupima cilango. Kuyambira mlandu wa Zinn wa m'caka ca 1969, oweruza atereka mphika wao pa mafuwa atatu: kukula kwa colakwa, moyo wa wolakwayo, ndi cimene ciyenera anthu a m'dziko. Fuwa limodzi likasowa, mphika upendekeka. Cifukwa cace wolakwa apatsidwa nthawi ya kunena zomcepetsera cilango, ndipo ambiri ataya nthawi iyi ponena kuti alibe mau. Nenani zaka zanu za kubadwa, nchito yanu ndi malipiro ace, ana ndi makolo amene adya za m'manja mwanu, ndi miyezi imene mwakhala pa limandi. Ngati simunamangidwepo kale, nenani. Ngati mwabweza cimene munaononga, kapena mufuna kubweza, nenaninso. M'caka ca 2007 Constitutional Court inalamula kuti wolakwa akakhala ndiye wolera ana, woweruza ayenera kuganizira anawo asanapereke cilango.

Zilango ziri za mitundumitundu. Pali faindi, imene woweruza angalole kuti ilipidwe pang'onopang'ono. Pali cilango copacikidwa: woweruza anena zaka za ndende, koma azipacika kwa nthawi yosaposa zaka 5, ndipo munthu apita kwao, akalakwanso motero m'nthawiyo, cilango cija cimgwera. Pali cilango ca kunja, cimene cinayamba mu 1991: munthu agona kunyumba kwace napitiriza nchito yace, koma maora ena saloledwa kuturuka, agwira nchito yosalipidwa pa cipatala kapena pa malo ena a anthu onse, ndipo oyang'anira amyendera. Bwalo lingalamulenso kuti wolakwa alipe mwini katundu, monga kunkacitikira ku bwalo la mfumu. Potsiriza pali ndende yeniyeni.

Koma pa mirandu yoopsa manja a woweruza ali omangika. Lamulo la 1997 linaika zilango zimene sayenera kutsikapo: kupha munthu, kapena kulanda za mwini ndi mfuti kapena mpeni, zaka 15 kwa wolakwa koyamba, 20 kaciwiri, ndi 25 kacitatu, kupha kokonzeratu, ndi mirandu ina ya kugwirira, moyo wonse. Woweruza angacepetse pokhapokha atapeza zifukwa zolemera ndithu. Ganizirani izi, amuna anzanga: ndeu ya pa mowa pa tsiku la malipiro, mpeni ukasololedwa, ingadye zaka 15, ndipo mwana amene munamsiya ali kumbuyo mudzampeza atatha msinkhu. Mirandu ina yoyandikana ndi nchito zathu ndi iyi: kupezeka ndi golide wosayengedwa popanda cilolezo, kukumba m'migodi yotsekedwa, kuba ziweto pa pulazi, ndi kukhala m'dziko popanda mapepala, kumene cilango cace ndi faindi kapena ndende kufikira zaka 2. Wosakhutira ndi ciweruzo ca majistireti apemphe cilolezo ca apilo asanathe masiku 14.

M'kati mwa mpanda

Wolowa m'ndende ayamba wapimidwa ndi a cipatala, naikidwa m'gulu monga mwa kuopsa kwa mlandu wace ndi makhalidwe ace; gululo ndilo linena ndende imene adzakhala, ndi kangati abale adzamuona. Amene walandira miyezi yoposa 24 amlembera dongosolo la zimene ayenera kucita kuti aongoke: sukulu, nchito za manja, ndi kukambirana ndi alangizi za mkwiyo, mowa ndi camba. M'ndende zina muli sukulu zofikira mayeso a matric, ndipo ena aphunzira ndi makalata pa yunivesite ya UNISA, monga anacitira Nelson Mandela, amene anatsiriza maphunziro ace a malamulo mu 1989 ali mkaidi. Muli mashopu a ukalipentala, kusoka ndi kusula zitsulo. Muli minda ndi makola, monga ku Leeuwkop ndi ku Drakenstein, kumene alima ndiwo ndi kuweta ziweto zodyetsa akaidi anzao. Nchito ya mkaidi wakale inalemeretsa mwini pulazi. Nchito ya lero, monga mwa lamulo, iyenera kumsiyira mkaidi luso m'manja. Mkaidi ali yense ayenera kulandira cakudya cokwanira, mankhwala, ora limodzi la kuongola miyendo tsiku ndi tsiku, ndi mwai wa kulemberana ndi kuonana ndi abale. Palinso bungwe loyendera ndende lotsogozedwa ndi jaji, lokhazikitsidwa mu 1998, ndipo anthu ace afika m'ndende kudzamva madandaulo.

Izi ndizo za m'buku. Zocitika zisiyana nazo. M'caka ca 2024 ndende za m'dzikomo zinali ndi malo ogona ngati 105,000, koma akaidi anapitirira 150,000. Zifukwa zace zazikuru tazinena kale: zilango zazitali za lamulo la 1997, ndi unyinji wa a limandi. Pamene anthu apanikizana aphunzitsi ndi alangizi sakwanira, ndipo a limandi ndi a zilango zazifupi kawirikawiri aturuka osaphunzira kanthu. Kupanikizana kubalanso matenda, makamaka cifuwa cacikuru, cimene amuna a ku migodi acidziwa kale. Dudley Lee anakhala pa limandi ku Pollsmoor kuyambira 1999 kufikira 2004, nadwala cifuwaco m'menemo, ndipo potsiriza anapezeka wosalakwa. M'caka ca 2012 Constitutional Court inagamula kuti Boma liri ndi mlandu pa kudwala kwace. Wotsokomola m'ndende apemphe kupimidwa msanga, ndipo amene anali kumwa mankhwala a cifuwa kapena ma ARV anene pa tsiku loyamba lomwe.

Bvuto lina ndi magulu a manambala, 26, 27 ndi 28. Mizu yao iri m'mbiri ya migodi: m'zaka za 1890 Nongoloza Mathebula anasonkhanitsa acifwamba m'mapiri a kumwera kwa Johannesburg, amene ankalanda malipiro a anchito obwerera kwao, ndipo gulu lace linafalikira m'makomboni ndi m'ndende. Lero magulu amenewa alonjeza wofika kumene citetezo, fodya ndi pogona pabwino; koma mtengo wace ndi mwazi, ndipo ena olowa ndi zaka zowerengeka aonjezeredwa zina cifukwa ca mirandu ya m'kati.

Kuturuka nthawi isanathe

Si akaidi onse amene atha zaka zao zonse m'kati. Pali njira dzina lace parole, ndiko kutsiriza cilango kunja pansi pa malamulo oikika. Kawirikawiri munthu aganiziridwa atatha theka la cilango cace, koma bwalo lingalamule kuti ayambe watha magawo awiri mwa atatu. Wa moyo wonse, monga mwa lamulo limene linayamba mu 2004, aganiziridwa atatha zaka 25, ndipo mau otsiriza ali ndi Nduna. Kuganiziridwa si kumasulidwa ai. Komiti ya m'ndende ilemba za makhalidwe a munthu ndi maphunziro amene watsiriza, ndipo bungwe la parole, m'mene mulinso anthu wamba, ligamula. Wolakwiridwa kapena abale ace aloledwa kunenapo mau, ndipo nthawi zina akomanizidwa ndi wolakwayo maso ndi maso, ngati onse afuna. Cinthu cimodzi bungwe lifunsa masiku onse: munthu uyu adzakhala kuti, ndipo adzamlandira ndani? Oyang'anira ayamba apita kukaona nyumbayo. Alipo amene atsala m'kati nthawi yao itakwana, cifukwa palibe mbale wobvomera kuwalandira. Ndipo woturuka akaswa malamulo amene anampatsa, abwezedwa m'ndende.

Kwa mlendo njira iyi iri ndi cipata cina. M'caka ca 2025 alendo m'ndende za South Africa anali oposa 20,000. Wopanda mapepala, akatha cilango kapena akapatsidwa parole, aperekedwa kwa a Home Affairs kuti abwezedwe kwao, ndipo ambiri adikira ulendo ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp. Lamulo silola kusunga munthu wodikira ulendo masiku oposa 120, ndipo mu 2017 Constitutional Court inagamula kuti wogwidwa kuti abwezedwe aonekere pamaso pa woweruza asanathe maora 48. Munthu wotere afika ku malire ndi zobvala za pathupi zokha, pokhapokha anzace atamsungira katundu ndi malipiro ace otsala.

Cilango cimatha

Poturuka, munthu apeza mpanda wina wosaoneka ndi maso. Dzina lace liri m'buku la olakwa, ndipo olemba nchito ambiri ayang'ana m'bukumo asanalembe munthu. Amene analandira cilango copepuka, monga faindi yosaposa R20,000 kapena cilango copacikidwa conse, angapemphe kuti dzina lace lifafanizidwe patapita zaka 10 osalakwanso. Koma amene anatumizidwa kundende popanda mwai wa faindi, njira iyi kawirikawiri siimfikira. Pali mabungwe othandiza oturuka, monga la NICRO, limene linayamba mu 1910. Koma iwo ali ocepa, ndipo oturuka ali ambiri.

Cifukwa cace nchito yaikuru ya kuongola munthu itsalira ife. Mnzanu wa pa komboni akagwidwa, funsani polisi imene ali ndi tsiku la mlandu wace, ndipo wina apite ku bwalo. Sonkhani ya belo monga musonkhera ya maliro. Dziwitsani a kumudzi zoona zenizeni, kuti mkazi wace asamlire ngati wakufa, kapena kumtukwana ngati wothawa banja. Kamuoneni, mlembereni kalata, ndipo nthawi ya parole ikafika pakhale wina wobvomera kumlandira. Ndipo inu a kumudzi, wobwerera wopanda sutukesi musamfunse njinga ndi wailesi. Mpatseni khasu ndi malo pa mphasa. Munthu wokanidwa nchito, nakanidwanso ndi abale, atsala ndi abale a mtundu umodzi wokha, ndiwo a manambala aja. Ndipo akadzalakwanso, wobvulala angakhale inu kapena mwana wanu.

Kunena izi si kucepetsa kulakwa. Wakuba nkhosa wasautsa mwini wace, wobaya mnzace wasiya amasiye, ndipo cilango ciwayenera. Akuru anati mlandu suola, ndipo ananena zoona. Koma iwo omwewo ankadziwa kuti mbuzi ikalipidwa, wolakwa akhalanso pa bwalo namwera cikho cimodzi ndi anzace. Lamulo la lero, zitapita zaka zambiri za cikoti ndi citupa, layamba kuyandikira nzeru imeneyo. Ife tisatsalire m'mbuyo mwa lamulo, abale anga. Pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.